Simenti ya Bambo Chisale

Mpaka lero ndikamva fungo la chinyezi m'nyumba, mtima umandiwawa ngati zachitika dzulo. Sindikunena fungo la mvula yoyamba, lija timalikonda tonse. Ndikunena fungo la kunsi kwa nyumba za ku Ulaya, ku West Bromwich, dothi limene silinaonepo dzuwa chimangireni nyumbayo, losakanikirana ndi chuku ndi manyi a makoswe. Ndinalinunkhiza zaka zisanu ndi chimodzi nditagona chafufumimba.

Ndinachoka kwathu ku Mponela ndi sutikesi yobwereka ndi lonjezo limodzi kwa mayi a ana anga: nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, pa puloti imene tinagula kuseri kwa msika. Ndinati ndikupita kusukulu ku Coventry, ndipo sindinaname, koma fizi inandigonjetsa chaka choyamba chisanathe. Mapepala anga anasanduka nkhani yosakamba pagulu. Amene anakhalako kunja akumva zimene ndikunena.

Amene ananditola anali a Zulu, bambo a ku Chipata, athupi lodzaza khomo, amene ndinakumana nawo kutchalitchi ku Birmingham. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akufuna kugula mbuzi.

"Iwe wa ku Malawi, iyi thupi yako ni ndalama," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Zambia. "Bwana wanga asakila muntu woyonda monga iwe."

Bwanayo anali Gary, mzungu wa vani yoyera, ndipo ntchito yake inali yothamangitsa chinyezi m'nyumba za anthu. Nyumba zakale za kumeneko sizili ngati zathu zoti pansi timazira kapena kuthira simenti. Pansi pake ndi matabwa okhomedwa pa mitanda, kunsi kwa mitandayo kuli mphanga, pena yofika m'bondo, pena m'chiuno, kenako dothi. Dothilo limatuluka thukuta chaka chonse. Ndiye amisiri akale ankaika njerwa za mabowo m'munsi mwa khoma, kumaso ndi kuseri kwa nyumba, kuti mphepo izidutsa kunsiko n'kumaumitsa mitanda. Mabowowo akatsekeka, chinyezi chimakwera, chuku chimamera, ndipo mukachedwa mitanda imawola. A Zulu anandiphunzitsa zimenezi tsiku loyamba tili m'vani. "Nyumba ya kuno ipumila kumendo," anatero. "Ukaivala mphuno, yadwala."

Gary ankatukula matabwa awiri pabalaza, ine n'kutsikira pamenepo ndi tochi pamphumi. A Zulu sakanakwana, moti ankatsala pamwamba kumandipatsira zipangizo. Ndinkakwawa ndi zigongono, kutulutsa zibuma zimene amisiri anataya kunsiko agogo anga asanabadwe, kuyala chipepala chochindikala chapulasitiki pa dothi, kuchikweza m'makoma, kumata molumikizira monse. Nyumba zina tinkaikamo makina oyamwa chinyezi ndi kapampu kotulutsa madzi. Ndinkatuluka ndili mbuu, ukonde wa akangaude m'tsitsi, mawondo atachita zipsera. A Zulu ananditcha Mfuko, ndipo dzinalo linafika mpaka kutchalitchi.

Ntchito yokhayo sindinkadana nayo. Chimene chinkandidya moyo ndi mmene mtengo wake unkapezekera. Ine ndinkatuluka kunsi n'kunena zimene ndaona, koma mtengo sunkachokera kunsiko ayi. Unkachokera pa galimoto imene yaima panja, pa makatani, pa nkhope ya mwininyumba ngati ikuoneka ya mantha. Nyumba ziwiri zofanana ngati mapasa, mumsewu umodzi, wina ankalipira mapaundi 2,000, mnzake 6,000. Wodziwa kufunsa mafunso ankatsitsiridwa. Gogo wokhala yekha amene watipatsa tiyi ndi mabisiketi, ameneyo ndiye ankamva nkhwangwa.

Ndipo ife otseka chinyezi cha anthu tinkagona m'chinyezi. Kachipinda kathu ndi a Zulu kanali ndi khoma lakuda bii kuseri kwa bedi, nsapato zinkachita chuku ngati chimanga chokololedwa chosauma. Tinkaseka. A Zulu ankati tikadzamwalira sadzavutika kutizoloweza kumanda. Loweruka ankaphika kapenta wochokera kwawo, ine ndinkawameta, tinkakangana kuti Chinyanja chenicheni ndi cha ndani. Munthu uja anandisunga ngati mng'ono wake, ndipo pa zonse zimene ndinasiya ku Ulaya ndi iwo okha amene ndimawasowa.

Lachisanu lililonse Gary ankandipatsa yanga m'manja, ine n'kutumiza kwathu. Ndalama ya kunja imakhala ndi eni ake ambiri. Ina inapita ku fizi ya ana, ina ku maliro, ina ku feteleza wa achimwene, koma njerwa zinkakwerabe, ndipo mayi a ana ankanditumizira zithunzi pafoni. Pa nthawi imene ndikufuna kukambayi, makoma anali atafika poika denga. Kunangotsala matabwa ndi malata. Kumeneko masamba anali akuyoyoka m'mitengo, kutanthauza kuti kwathu mitambo yayamba kusonkhana. Ndinawerengera kuti ndikagwira miyezi iwiri osadwala, nyumba ifoleredwa mvula isanakhazikike. Ntchito ya kwa Gary ndiyo inali denga langa, ndipo ina yolandira munthu wopanda mapepala sinali pafupi.

Ndiye Lamulungu lina tikutuluka m'tchalitchi anandiitana Anachisale. Anali namwino pa chipatala china chachikulu, kwawo ku Nkhoma, mayi olera okha ana awiri. Anagula kanyumba ku Kings Heath, ku Birmingham konko, ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo tonse tinkawanyadira, chifukwa Mmalawi wogula nyumba kumeneko sitinkamuona tsiku ndi tsiku.

"A Mfuko, paja inu mumapanga za damp eti?" anandifunsa. "Nyumba yanga ikununkha, zovala mu wardrobe zikuchita chuku, ndipo wamng'ono uja chifuwa sichikumusiya. Ndithandizeni, achimwene."

Ndinawapatsa nambala ya Gary ndi dzanja langali. Ndinaganiza kuti poti ndi mlongo wanga wa kutchalitchi, ndipo wolowa kunsi ndi ine, palibe chingalakwike. Pamenepo ndiye ndinapusa.

Tinafika m'mawa, iwo angoweruka kumene kuchipatala, yunifolomu ili m'thupi. A Zulu tsiku limenelo anali ku nyumba ina. Ndisanalowe n'komwe ndinayang'ana m'munsi mwa khoma, monga mwa chizolowezi, ndipo ndinaima. Pamene panayenera kukhala njerwa za mabowo panali simenti yosalala bwino, m'mbali mwake modulidwa mowongoka, ndipo pamwamba pake panadutsa mzere wa penti yakuda kuzungulira tsinde la khoma, monga timachitira kwathu. Ndinazungulira kuseri, chimodzimodzi. Mabowo asanu ndi limodzi, onse otsekedwa. Sindinafunse kuti manja amenewa ndi ochokera dziko liti.

"Mwaiona ntchito ya bambo anga?" Anachisale anatero ali pakhomo, akumwetulira. "Anabwera kudzacheza miyezi itatu nditangogula nyumbayi. Munthu wozolowera kugwira ntchito, kukhala pa sofa kunkawadwalitsa. Tsiku lina ndikuchokera ku shift ndinawapeza ali chogwada panja. Akuti, mwananga, azungu amenewa akugulitsa nyumba yosamaliza, mabowo onsewa njoka ndi makoswe aleka bwanji kulowa? Simenti anakagula okha, anabwera nayo pa basi."

Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Aka kanali kakuthwadi, koma kanameta polakwika. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, iwo anapitiriza.

"Anamwalira chaka chotsatira atabwerera kumudzi. Sindinathe kupita kumaliro. Ndikafika pakhomo pano ndimayang'ana pamenepa, ndimati bambo analipo."

Ndinatseka pakamwa panga n'kuvala ovolosi.

Kunsi kunali konyowa zedi. Dothi linkamata m'zigongono, mitanda inali itavala ubweya woyera, madontho ali lendelende ku matabwa. Koma ndinatenga sikuludiraiva n'kubaya mtanda uliwonse, kumutu, pakati, kumchira. Chitsulo chinkabwerera. Mitengo yakale ija ndi yolimba, inali isanagonje. Ndinatuluka mtima uli m'malo, ndinamukokera Gary pakhonde n'kumuuza m'Chingelezi kuti matabwa ali bwino, tingogumula simenti ija, tiike njerwa za mabowo zatsopano, tiyale pepala, nyumba iuma yokha. Ntchito ya tsiku limodzi, mapaundi mazana angapo basi.

Anandimenya paphewa. Anati zoyankhula ndimusiyire iye.

Tinakhala pa tebulo la kukhitchini, ine ndili chiimire kuti ndisadetse mpando. Gary anatulutsa foni n'kuyamba kuwaonetsa mayi aja zithunzi. Mitanda yofumbutuka ngati chinangwa chofukutidwa ndi anankafumbwe, ina yothyoka pakati, madzi ali thapwi. Ndinasuzumira. Inali nyumba ya ku Coventry imene tinakonza mwezi wapitawo. Ndinaizindikira chifukwa pa chithunzi chimodzi panali dzanja logwira mtanda wowola, dzanja lakuda, chikhadabo cha chala chachikulu chong'ambika. Linali dzanja langa.

Gary analoza pomwepo. Anati, onani, dzanja la m'bale wanu yemwe, kunsi kwa mapazi anuwa. Anati mwana akhoza kubooleza pansi tsiku lina lililonse. Anati pafunika mitanda yatsopano, pulasitiki pansi ponse ndi m'makoma, makina oyamwa chinyezi, pampu, ndi chikalata chotsimikizira zaka makumi awiri. Analemba pa pepala n'kuwatembenuzira: mapaundi 9,000. Ndinaona mayi aja akugwira m'mphepete mwa tebulo. Ndalama imeneyo ndinkadziwa kuti ndi mausiku angati otukula odwala.

Ndiye Gary, poona kuti nsomba ikuzengereza kumeza, anatembenukira kwa ine. Anati ndiwafotokozere m'chilankhulo chathu kuti amvetse bwino kuopsa kwake.

Ndinaganiza za malata. Sindinama, ndinawaganizira, ndinaona ngakhale mtundu wake. Koma akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo nambala ija ndinapereka ndine. Komanso ndinaona kuti Mulungu wandipatsa njira yopulumutsira zonse ziwiri, mayiwa ndi denga langa. Mzunguyu Chichewa sankamva ngakhale moni. Chofunika chinali kusankha mawu osaboola. Ndinaika nkhope ya maliro, ndinaloza pa pepala lija ngati ndikuchitira umboni, ndinafukula Chichewa cha ku Mponela chopanda chigamba ngakhale chimodzi.

"Mayi, ndiyankhula ngati ndikukuopsezani, inu muzingogwedeza mutu. Musalembe dzina lanu pa pepalali. Mitanda ya nyumba yanu ndi yolimba, ndaibaya yonse ndi chitsulo. Zithunzi mukuonazi si za nyumba ino. Vuto ndi mabowo aja anatsekedwa panja. Tikawatsegula n'kuyala pepala pa dothi, nyumba iuma yokha. Muuzeni kuti mukaganize kaye. Loweruka ndibwera ndi a Zulu, inu mudzangogula zipangizo."

Gary ankagwedeza mutu kuvomereza mawu aliwonse. Ndinatsala pang'ono kudzitama mumtima.

Koma ndinaiwala chinthu chimodzi. Chichewa chathu cha ku Birmingham ndi dengu lobooka, sichisunga ufa. Anachisale anali atakhala kumeneko zaka zoposa khumi, ndipo anali atatopa, tulo tili m'maso. Anadzuka pa mpando maso ali tong'o.

"Eh! Ndiye mukuti ma joist ali fine? Ma photo amenewa ndi fake?"

Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Pa mawu onse amene mayi aja ananena, anayi anali a chilankhulo cha Gary, ndipo anali okwanira. Ndinaona khosi lake likufiira kuyambira pa kolala kukwera mpaka m'makutu.

Munthu wina akanakalipa pomwepo n'kudziulula. Gary anali katswiri pa ntchito yake yeniyeni, imene sinali ya chinyezi. Anapumira m'mwamba, anaika foni m'thumba, n'kufunsa mofatsa kuti kodi mnyamata wakeyu wanena kuti vuto n'chiyani. Anachisale anamuuza za mabowo. Anafunsa kuti anatseka ndani. Anamuuza, ndi za maliro zomwe.

Ndiye anagwira pachifuwa. Anati bambo anu anali munthu wanzeru, anaona patali. Anati masiku ano akatswiri satsegulanso mabowo, amatseka zonse n'kuika makina, moti bambo anu anachita theka loyamba la ntchito, ife tabwera kudzamaliza theka lachiwiri. Anati simenti yawo sitiikhudza, ikhala mmene anaisiyira. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti anyamata ena amafuna kubera mabwana awo makasitomala kuti azikagwira okha Loweruka.

Chondipsetsa mtima mpaka lero n'choti bodza lake linali ndi fupa la choonadi mkati. Njira yotseka zonse iliko, ndinaigwirapo kambirimbiri, ndipo imaumitsadi nyumba. Kungoti nyumba iyi sinkaifuna. Zinali ngati kudula mwendo munthu wobayidwa ndi minga.

"Mayi, ndithu, ndikulumbira," ndinatero, tsopano osabisanso. "Bambo anachita ndi mtima wabwino, koma nyumba za kuno zimapumira pamenepo. Simenti ija ndi imene ikudwalitsa mwana."

Ndikanadziwa ndikanaluma lilime. Nkhope ya Anachisale inasintha. Sanakweze mawu.

"Achimwene, bambo anga anamanga matchalitchi atatu ndi sukulu. Zonse zilipo mpaka lero, mukhoza kukaziona. Ndiye mukuti anabwera kuno kudzadwalitsa mdzukulu wawo? Inu munamangapo chiyani?"

"Sindikunyoza malemu, mayi."

"Uyu akundipatsa guarantee ya twenty years. Inu mundipatsa pepala lanji?"

Pepala! Mwa anthu onse a ku Birmingham anasankha ine kundifunsa za pepala, akudziwa bwino lomwe mmene zinthu zanga zinalili. Ndinangoyang'ana pansi, pa matabwa olimba aja. Anatenga cholembera cha Gary n'kusayina ine ndikuona.

Panja Gary sanatukwane. Anatsegula vani, anatulutsa chikwama changa cha chakudya, anachiika pa msewu bwinobwino, n'kunena kuti popeza ndimakonda kugwira Loweruka, tsopano masiku onse akhala Loweruka. Ananyamuka. Ndinakwera basi ya ku Kings Heath kupita m'tauni ndili mu ovolosi yamatope, anthu akusuntha kundipatsa malo ambiri kuposa amene ndinkafuna. Ndinakwera thiramu, kasitima ka m'misewu, kubwerera ku kachipinda kathu ku West Bromwich.

A Zulu atamva anakhala pa bedi n'kugwira kumutu.

"Iwe Mfuko, manje uzadya chani? Chilungamo sibaphika." Kenako anayamba kuseka mpaka misozi. "Ma photo ni fake! Ah, imwe ba Malawi, Chizungu chizakupayani."

Ndinaseka nawo, nanga ndikanatani. Miyezi inayi yotsatira anandidyetsa ndi kundilipirira chipinda osandiwerengera ngakhale tsiku limodzi.

Ntchito ya ku Kings Heath inagwiridwa sabata yotsatira. Gary anapeza mfuko wina Lolemba lomwelo, chifukwa anthu owonda opanda mapepala kumeneko sasowa. A Zulu anandiuza kuti sanasinthe mtanda ngakhale umodzi, anangoipopera mankhwala. Pulasitiki anayala, makina anaika. Ndipo nyumba inauma. Fungo linatha, mwana anasiya kutsokomola. Ndinakondwera chifukwa cha mwanayo, Mulungu ndi mboni, koma kuuma kwa nyumba ija ndi kumene kunandimaliza ine. Anachisale anaimirira m'tchalitchi kupereka umboni wa mmene Ambuye anawapulumutsira nyumba yawo isanagwe. Dzina langa sanatchule, koma nkhani inali itayenda kale. Amayi a chigwirizano ankanong'onezana ndikamadutsa. Akuti Mfuko ankafuna kulanda ntchito ya bwana wake. Akuti ananyoza maliro. Akuti Amalawife nsanje, mnzathu akagula nyumba timafuna imugwere. Bambo wina, wophunzira bwino, wa tayi, anandikokera pambali n'kundilangiza kuti kunja kuno munthu umayenera kudziwa malo ako. Ndinamuyankha kuti malo anga ndikuwadziwa, ndi kunsi kwa nyumba, ndipo n'chifukwa chake ndikudziwa zimene zili kumeneko.

Kwathu mvula sinadikire kuti nkhani yanga imveke. Mayi a ana ananditumizira chithunzi cha makoma ali pamtetete opanda denga, madzi ali chiimire m'zipinda. Sanalembe mawu alionse pansi pake, ndipo kusalemba kumeneko kunandipweteka kuposa kukalipa. Chaka chimenecho nyumba inamwa mvula yonse. Chaka chotsatira ndinali ndikutsuka magalimoto, manja akung'ambika ndi madzi ozizira, ndalama yake yongokwana fizi. Inamwanso. Khoma la kum'mawa linagwa mu Febuluwale, linagwera mkati. Pamene ndinkapeza ntchito yonyamula makatoni ku Coventry n'kuyambiranso, mtengo wa malata unali utakwera kawiri.

Ndinabwerera kwathu patapita zaka zina zitatu, msana utayamba kukana. Sabata yonyamuka, Amalawi anayamba kufika ndi timaphukusi, monga mwa mwambo wathu, chifukwa wopita kumudzi ndi positi ofesi. Anachisale nawo anabwera. Anandipatsa moni ngati tinasiyana dzulo tikuseka, n'kundipatsa jumbo ya juzi, mankhwala a miyendo ndi foni.

"Mukawapatsire mayi ku Nkhoma, achimwene. Mukawaone ndi maso, mudzandiuze mmene alili."

Mtima unkati ndiwabwezere jumbo yawo. Koma katundu wa kwa mayi a munthu sakanidwa. Ndinatulutsa nsapato zanga ziwiri mu sutikesi kuti akwane.

Nyumba yanga ndinaipeza yofolera, koma makoma amene anamwa mvula ziwiri saiwala. Penti imafundukuka mpaka m'chiuno, pangodya pali mng'alu wolowa chala. Ana anali atakula, ankandipatsa moni ngati mlendo wa kutchalitchi. Achimwene, omwe aja a feteleza, anazungulira nyumba manja ali kumbuyo n'kunena kuti, "Anzanu obwera kunja akumanga zosanja ku Lilongwe. Inu zaka zonsezi munkatani?" Ndinati ndinkakwawa. Anaseka, ankayesa nthabwala.

Ku Nkhoma ndinapita patatha milungu iwiri. Nyumba ya a Chisale sindinachite kufunsa kawiri. Inali ya njerwa zofiira, mizere yowongoka ngati yojambula ndi rula, tsinde lake lopaka penti yakuda, ndipo panalibe kabowo koti ngakhale nyerere ilowere. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana. Munthu uja analidi mmisiri. Kwathu kuno, kumene njoka imalowadi m'nyumba, ntchito yake inalibe chilema.

Mayi ake a Anachisale anali okalamba kwambiri, oyenda ndi ndodo. Anandiyalira mphasa pakhonde, analandira jumbo ndi manja awiri, anafunsa za adzukulu mmodzimmodzi. Kenako anandiyang'anitsitsa.

"Ndiye inu bambo, nyumba ya mwana wanga munaiona ndi maso anu?"

"Ndinaiona, mayi. Ndinalowamo."

"Mwamuna wanga anaikonza nyumba imeneyo." Nkhope yawo inawala. "Atabwerako sankakamba za ndege, sankakamba za misewu. Nkhani inali imodzi basi. Akuti ndinakawaphunzitsa azungu kumanga. Anauza abusa, anauza a kumsika, aliyense wobwera pano ankaimva. Ngakhale ali kuchipatala, masiku omaliza, ankauza anamwino. Ankati, zina zonse ndinamangira anthu, koma ija ndinamangira mwana wanga, sadzagona ndi makoswe kudziko la eni."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinali ndi nkhani yonse pakamwa. Ndinaisenza zaka zisanu, ndinaiyeserera m'basi njira yonse kuchokera ku Mponela: mabowo, zithunzi, dzanja langa, khoma langa la kum'mawa. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha wa banja limenelo amve kuti Mfuko sananame.

"Nanga ndiuzeni zoona, bambo," anatero gogo aja, atandigwira pa bondo. "Kumeneko akuti kumagwa mvula chaka chonse. Simenti yawo ija ikugwirabe?"

Ndinayang'ana dzanja lawo pa bondo langa, bondo lomwe lija la zipsera.

"Ikugwirabe, mayi," ndinatero. "Palibe anaikhudza. Bambo anaona patali."

Anawomba m'manja mwakachetechete, katatu, akuyang'ana kumwamba. Anaitana mdzukulu kuti agwire nkhuku, ndipo ngakhale ndinakana, anandimangira miyendo yake ndi luzi n'kundipatsa.

Ndinazindikira ndili mu minibasi, nkhuku ili pamiyendo, kuti mawu amene ndinanena pakhonde paja sanali anga. Ndinawamva koyamba pa tebulo la kukhitchini ku Kings Heath. Gary anawanena n'kulandira mapaundi 9,000. Ine ndinawanena n'kulandira nkhuku, ndipo tinaidya tsiku lomwelo m'nyumba yanga yonunkha chinyezi.